Mask ya 255.255.255.255 pa VPN si yolakwika

Ambiri osamalira makompyuta akangoona kuti wolumikizidwa ku VPN ya Windows Server (njira yotetezedwa yofikira netiweki ya ku ofesi kudzera pa intaneti) wapatsidwa subnet mask (nambala yosonyeza maadiresi amene ali pa netiweki imodzi) ya 255.255.255.255, amathamangira kunena kuti seva yalakwitsa. Amataya tsiku lonse kufunafuna poisinthira kuti ikhale 255.255.255.0. Maganizowa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Njira zolumikizira VPN za PPTP, L2TP ndi SSTP zonse zimadalira ndondomeko ya PPP, yomwe imalumikiza mbali ziwiri zokha: kompyuta yanu ndi seva. Palibenso makompyuta ena oyandikana nawo oti mask iwaphatikize, n'chifukwa chake adiresiyo imaima payokha. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mafayilo a ku ofesi akamakana kutseguka, lembani lamulo la route print mu Command Prompt muone kumene uthenga ukulowera. Mukazimitsa default gateway ya VPN (khomo limene uthenga wopita ku manetiweki ena umadutsa), Windows imangotsegula njira potengera gulu (class) la adiresi imene mwapatsidwa. Wopatsidwa 192.168.10.5 amafika ku netiweki ya 192.168.10.0 yokha, osati ya 192.168.20.0 kumene kuli mafayilo. Onjezerani njirayo ndi lamulo la PowerShell la Add-VpnConnectionRoute.

Chinanso chimene chimavutitsa anthu kwambiri: rauta ya kunyumba ndi netiweki ya ku ofesi zonse zikakhala pa 192.168.1.0, uthenga ungathe kumangozungulira m'nyumba momwemo. Pamenepo sinthani maadiresi a mbali imodzi, mask musaikhudze.