Musanandifunse za mfuti yaifupi, kuseri kwa khoma lanu kumagona ndani?

Funso limene landitopetsa ndi ili: "Achimwene, raifo yaifupi yabwino kusunga m'nyumba ndi iti?" Amandifunsa pamaliro ku Mufakose kuno ku Harare, amandifunsa tikaweruka kutchalitchi, ena amachita kunditumizira kanema pa WhatsApp wa mzungu wa ku Texas akuzungulira m'nyumba mwake ndi mfuti yakuda yomangirira tochi. Ntchito yanga ndi yophunzitsa alonda ndi anthu okhala ndi chiphaso kagwiridwe ka mfuti, choncho musaganize kuti ndimadana ndi mfuti. Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti wofunsayo amayambira pa dzina la mfuti asanayang'ane n'komwe khoma la chipinda chimene amagona.

Mzungu wa mukanemayo ali ndi malamulo a kwawo, ndipo mwina nyumba ya mnzake ili kutali. Inu mumakhala ku Glen View, m'nyumba imene chipinda chilichonse muli banja la maroja, anthu ochita lendi. Kapena ku Matapi ku Mbare, kumene chipinda chimodzi chimagawidwa ndi bolodi kapena nsalu. Kapena ku Epworth, m'nyumba ya njerwa zoumba pamanja. Chipolopolo cha 7.62x39, chija cha AK-47, chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 700 pa sekondi. Cha 5.56, cha raifo zina za asilikali, chimafika cha m'ma 900. Chitseko chathabwa, zenera, malata, asibesitosi, zonsezi sizichiimitsa, ndipo gawo la durawall, mpanda uja wa zidutswa za simenti, kapena khoma lopyapyala la njerwa chimatha kulibowola. Mukaphonya wakuba chimapitirira, ndipo nthawi zina ngakhale mwamulasa chimatulukira kuseri n'kupitirirabe. Pamalo owomberapo timaunjika mulu wa dothi kumbuyo kwa chandamale kaamba ka chifukwa chimenechi. Kunyumba kwanu kumbuyo kwa chandamale kuli bedi la mwana wa aneba.

Ndiye anthu amati, "N'chifukwa chake tikufuna yaifupi." Kufupika kwa mpope sikusandutsa raifo kukhala mfuti yofatsa. Liwiro limatsikako, inde, koma osati mpaka chipolopolo kumaima pachitseko. Chimene chimawonjezereka ndi moto ndi phokoso, chifukwa mpweya wotentha wa wonga umatuluka udakali ndi mphamvu yambiri. Phokoso la madesibo 140 (madesibo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) limatha kuwononga khutu ulendo umodzi wokha, ndipo raifo imafika cha m'ma 160. Ziwerengerozi n'zapabwalo. M'chipinda cha simenti, usiku magetsi atazima, mukawombera kamodzi maso amachita chidima ndi kung'anima kwa moto, makutu amangolira. Mayi a kunyumba akufuula kuti "ndi mwana wathu uyo!" inu osamva kanthu.

Palinso nkhani ya manja. Raifo, ifupike bwanji, imafuna manja awiri. Ndani atsegule chitseko, ndani anyamule mwana, ndani aimbe foni? M'kanjira ka m'nyumba mpope umayamba kutulukira pakona inu musanaone chimene chili kuseri, ndipo munthu amene wabisala pamenepo amangougwira n'kukoka. Ndaonetsa alonda zimenezi ndi mfuti yamtengo, amuna amphamvu ndithu, n'kulandidwa ndi mnyamata wochepa thupi. Ena amathawira ku chifefe poganiza kuti chimamwaza tizipolopolo chipinda chonse, moti sungaphonye. Pa mtunda wa mamita anayi tizipolopoloto timakhala tisanamwazike kuposa kukula kwa chikhatho. Umaphonya bwinobwino.

Tsopano lamulo, limene ambiri amalidumpha ngati kuti ndi nkhani ya mapepala chabe. Muno mu Zimbabwe mfuti zimayendetsedwa ndi Firearms Act, Chapter 10:09, ndipo kaundula wake ali ku Central Firearms Registry ya apolisi. Simuyamba n'kutengera mfuti kunyumba n'kukapempha chiphaso pambuyo pake ngati mukulembetsa galimoto. Mumayenera kuonetsa chifukwa chomveka chofunira mtundu wa mfuti umene mukupempha, amakudindani zala, ndipo amafuna kudziwa kuti muzikaisunga pati. Chiphaso chimakhala cha mfuti imeneyo, ya nambala imeneyo, ndipo chimatha pakapita zaka zitatu. Zipolopolo nazo zimafuna chiphaso. Mfuti yolakatitsa zipolopolo mukangokhethemula kamodzi, imeneyo iwalani, si ya munthu wamba. Ndipo ngati munapempha raifo ponena kuti nguluwe zikutha chimanga kumunda ku Goromonzi, musadabwe kufunsidwa mafunso ovuta ikakalira usiku ku Budiriro.

Chiphaso chosungira mfuti si chilolezo chowombera munthu. Zimenezo zili m'lamulo lina, Criminal Law Code, Chapter 9:23. Gawo 253 limafuna kuti chiwembu chikhale chitayamba kapena chili pafupi kuyamba, kuti panalibe njira ina yothawira kapena yochipewera, kuti mphamvu imene munagwiritsa ntchito inali yoyenera, komanso kuti wovulalayo akhale wochita chiwembuyo, osati munthu wina wosalakwa. Werengani mbali yomalizayo kawiri. Kupha munthu poteteza katundu kuli ndi gawo lakelake, 258, ndipo ndi lokhwima kwambiri: katunduyo ayenera kukhala wofunika zedi pa moyo wanu ndipo njira zina zonse zikhale zitalephereka. Mnyamata amene akudumpha mpanda akuthawa ndi batire ya sola, mukamuwombera kumsana, kukhoti mukalowa ndinu.

Pali nkhani imodzi imene mpaka pano imandisowetsa mtendere. Bambo wina wa kwathu konkuno, wa bizinesi yake yooneka, anali ndi zonse m'malo mwake. Chiphaso chinali chamoyo, kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma, ndipo pa chandamale ankawombera bwino kuposa alonda ambiri amene ndawaphunzitsa. Anali ataberedwapo kale, choncho mantha ake sanali opeka. Usiku wina kunalibe magetsi, anamva geti likugwedezeka, anaona chithunzithunzi pafupi ndi galimoto. Anawombera kudzera pazenera, akuti pofuna kungoopseza, analoza m'mbali dala. Chipolopolo chinabowola durawall, chinalowa m'kanyumba ka kuseri kwa aneba, n'kukalasa mtsikana wochita lendi amene anagona pansi ndi khanda lake. Chinamulowa m'chiuno. Wogwedeza geti uja sanadziwike kuti anali ndani, mwina anali woledzera wosochera chabe.

Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi zimene zinachitika pambuyo pake. M'malo mothamangira naye kuchipatala, mabanja awiriwo anakhala pansi kukambirana. Wina anati tikapita kuchipatala apolisi adziwa. Wina anati pali mayi wina mumsewu womwewo amene "anagwirapo ntchito kukiliniki", amuitane adzamange bala. Mayiyo anabweradi, anatsuka, anamanga, anapereka mapilitsi opha ululu, analandira ndalama yake. Bala la chipolopolo kunja limaoneka kabowo kakang'ono, kuwonongeka kumakhala m'kati. Pofika m'mawa mimba inali itatupa, mtsikanayo sakuyankhanso bwino, ndi pamene anafuna galimoto. Anapulumuka, koma amayenda motsimphina ndipo ntchito yake yogulitsa pamsika anasiya. Apolisi anadziwabe, monga amadziwira nthawi zonse, ndipo kubisa kuja kunangoipitsa mlandu. Bamboyo sanali chigawenga kapena chidakwa. Anangowombera chinthu chimene sanachione bwino, osaganiza za chimene chinali kuseri. Palibe mtundu wa raifo umene akanasankha kuti zimenezi zisachitike.

Choncho munthu akalasidwa, kaya ndi wakuba, kaya ndi wa m'banja, musakhale pansi kuzenga nkhani. Tsindirani nsalu pabala mwamphamvu osasiya, musatokose kufuna chipolopolo, musamupatse chakudya kapena chakumwa, ndipo pitani naye kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, chija timati ku Gomo, kapena chilichonse chachikulu chimene chili pafupi. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka munthu amatha m'mphindi zochepa. Za apolisi mudzalongosola munthu ali moyo.

Ndikudziwa kuti alipo ena amene chifukwa chawo n'chomveka, okhala pa puloti cha ku Ruwa kapena ku Domboshava, kumene aneba ali patali ndipo thandizo limachedwa. Kwa amenewo ndinena mwachidule. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo onani ndi maso anu kuti nambala ya pamfuti ndi yomwe yalembedwa pachiphaso. Sankhani mfuti yosavuta, yopanda zokoloweka zambiri, imene ikukukwanani paphewa ndipo zipolopolo zake mungazipeze mwalamulo ndi kuzikwanitsa kugula, chifukwa mfuti imene simuyeserera nayo ilibe phindu. Yogwiritsa zipolopolo za 9mm, zimene liwiro lake ndi la mamita osafika 400 pa sekondi kapena kuposerapo pang'ono mu mpope wautali, simenya paphewa kwambiri ndipo phokoso lake ndi locheperapo, komabe chitseko ndi bolodi imabowola. Ya .22, ya tizipolopolo ting'onoting'ono, musaiyese choseweretsa ana, chipolopolo chake chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Tochi yomangirira pamfuti ija musafufuzire nayo m'nyumba, pakuti chilichonse chimene mwaunika mwachilozanso ndi mpope. Yatsani nyali, sonkhanitsani banja m'chipinda chimodzi, khomani chitseko, imbani foni. Kuyenda mumdima kusaka wakuba ndi ntchito imene ngakhale ophunzitsidwa amaiopa.

Ndipo dziwani kuti achifwamba ambiri sabwera mwangozi. Amakhala atamva kuti m'nyumbamo mumagona madola a ku America, kawirikawiri kuchokera kwa wantchito, wachibale kapena mnzanu wa kumowa. Apolisi akhala akuchenjeza za kusunga ndalama zambiri pakhomo. Akamvanso kuti muli mfuti, zowakopa zawonjezeka, chifukwa mfuti yobedwa ndi imene amakagwirira ntchito kwina. Amabwera angapo, mutagona, ndipo mfuti yanu ili m'kabati yokhoma monga iyenera kukhalira. Mukati muziisunga pansi pa pilo, mwana wa zaka zisanu ndi amene adzayambe kuipeza. Ndalama yogulira raifo, kabati ndi zipolopolo zoyeserera ikhoza kugula zitsulo za m'mazenera, chitseko cholimba, nyali za sola za panja ndi alamu, n'kutsalako ya chakudya cha galu. Ndikanena zimenezi amuna amakhumudwa, koma nkhani ndi imeneyo.

Amene amandinyansa kwambiri ndi odyera pa mantha a anthu. Pali anyamata amene amanong'oneza kuti ali ndi "katundu woyera" wochokera kumalire, wotchipa, wopanda mapepala. Mfuti iliyonse imasiya zizindikiro zake pachipolopolo ndi pa chikhokhombe chake, ndipo akatswiri a polisi amazifananitsa. Mukagwidwa nayo simudzayankha mlandu wosunga mfuti popanda chiphaso wokha, mudzafunsidwanso za munthu amene inapha musanaigule. Pali ena odzitcha maejenti, amene amati apatseni madola akutulutsireni chiphaso m'sabata imodzi. Pepala lachinyengo ndi mlandu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Palinso okonza mfuti a pansi pa mtengo amene amadula mpope ndi sowo kuti "ikhale yaifupi". Kufupikitsa mfuti mwanjira imeneyo kukhoza kukulowetsani m'mlandu, ndiponso mfutiyo imasiya kulunjika. Za asing'anga otema mphini kuti chipolopolo chisanduke madzi sindikanafuna n'komwe kuzitchula, koma ndakumana ndi alonda achikulire, anzeru zawo, amene amasiya chovala chotchinga zipolopolo podalira chithumwa cha m'chiuno. Chithumwacho valani ngati mukufuna, koma chovalacho chikhale pamwamba pake.

Kwa ife ana a ku Malawi pali chinthu chinanso. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, koma alipo ambiri amene sanakasinthe zitupa zawo mpaka lero. Ngati pepala lanu likukuonetsani ngati mlendo, mlandu wa mfuti ukhoza kukhudza ngakhale kukhala kwanu m'dziko muno.

Ndipo pali mfuti za malemu. M'nyumba zingapo za kwathu muli raifo ya .303 yakale kapena chifefe chimene agogo anachoka nacho ku famu, chokulungidwa m'bulangeti pamwamba pa wadiropu. Ana amati ndi chikumbutso, kapena amati idzatithandiza akuba akabwera. Chiphaso sichilowa m'chuma chamasiye. Mwini wake akamwalira, inu amene mwaisunga mulibe chilolezo, ngakhale pepala la malemu likhale m'sutikesi. Mu 2022 boma linapereka mwayi, kuyambira pa 8 Ogasiti mpaka pa 30 Seputembala, woti anthu apereke mfuti zotere popanda kuimbidwa mlandu, ndipo ena anangokhala kudikira kuti aone anzawo ziwathera bwanji. Musadikire chilengezo china. Musayesenso kuiwombera kuti muone ngati ikugwira, chifukwa mpope wadzimbiri kapena wotsekeka ndi zisa za mavu umaphulikira m'manja. Musaikwezenso kombi itakulungidwa m'thumba. Pitani kupolisi ya kwanu chimanjamanja, mutatenga kalata ya imfa ndi mapepala alionse a mfutiyo amene mwapeza, mukafotokoze, ndipo iwo akuuzani kaperekedwe kake.