Rumble ndi wofiira kapena wabuluu? Mkangano umene wadutsa zaka 40

Mu 2024 zidole za Transformers, maloboti osanduka magalimoto, ndege ndi zinthu zina, zinakwanitsa zaka 40 chiyambire kugulitsidwa ku America, koma anthu ozitolera sanagwirizanebe pa funso limodzi looneka lachibwana: pa timaloboti tiwiri tosanduka makaseti, Rumble ndi Frenzy, kofiira ndi kati ndipo kabuluu ndi kati?

Gwero la nkhaniyi lili ku Japan. Kampani ya Hasbro sinayambe yokha kupanga malobotiwa, koma inatenga zidole zimene kampani ya Takara inkagulitsa kale pansi pa mayina a Diaclone ndi Micro Change, n'kuzipatsa mayina ndi makhalidwe atsopano. Popeza chikombole choumbira pulasitiki chimadya ndalama zambiri kuposa utoto, chikombole chimodzi chinkabala anthu angapo a m'nthanoyi. Ndege ya F-15 inakhala Starscream, Thundercracker wabuluu ndi Skywarp wakuda, ndipo galimoto imodzi ya Nissan inakhala Ironhide wofiira ndi Ratchet woyera, wa ambulansi. Choncho mtundu sunali chokongoletsa chabe, chifukwa ndi umene unkauza mwana kuti wanyamula ndani.

Rumble ndi Frenzy nawonso anatuluka m'chikombole chimodzi, onse okwana kulowa pachifuwa cha Soundwave, loboti yosanduka wailesi ya kaseti. Mu 1984 mwana wolowa m'sitolo ankapeza Rumble wakuda ndi kufiira ali m'paketi imodzi ndi kaseti inzake yotchedwa Ravage, pamene Frenzy wabuluu anali ndi ina yotchedwa Laserbeak. Dzina linali lolembedwa papaketi, ndipo panalibe chokanganirana.

Zinthu zinasokonekera mu September chaka chomwecho, pamene katuni ya Transformers yopangidwa ndi makampani a Sunbow ndi Marvel Productions inayamba kuonetsedwa pa TV. M'magawo oyambirira enieniwo Soundwave anatulutsa kaloboti kabuluu kopendekera ku pepo n'kukatchula kuti Rumble, ndipo ana anakaona kakusandutsa mikono yake kukhala zipangizo zosinjira pansi, kakuvundula madzi padamu ndi kulimbana ndi Hound, loboti ya gulu la adani, pansi pa madzi. Kofiira kanadzaoneka pambuyo pake, mwa apo ndi apo, ndipo kankatchedwa Frenzy. Mwana amene anali ndi Rumble wake wofiira m'manja ankangoyang'ana TV ikumutsutsa mlungu ndi mlungu, ndipo anzake kusukulu, omwe ambiri analibe chidolecho, ankakhulupirira zimene anaona ndi kumva.

Tikaika mboni pamzere, mbali ya chidole si yochepa mphamvu. Paketi imati Rumble ndi wofiira. Mabuku a nthano zojambula a Marvel anatsatira chidole. Ku Japan, poikamo mawu a Chijapanizi m'katuni, anasinthanitsa mayina kuti agwirizane ndi zimene zinali m'sitolo, kotero kuti mwana wa ku Tokyo sanakumane ndi vutoli. Katuni ya Chingerezi inatsala yokha, komabe ndi mboni imene inalankhula mokweza, inapatsa Rumble mawu a katswiri wa zisudzo Frank Welker, ndipo inabwereza umboni wake m'filimu ya 1986. Za chimene chinachititsa kusinthaku, ambiri amaloza kusokonekera kwa zithunzi zotsogolera ojambula, koma kumeneku n'kulingalira kwa otsatira, osati mawu otsimikizika a kampani. (Chisokonezo cha mitundu sichinali chachilendo chaka chimenecho: Bluestreak, chidole china cha Transformers, anajambulidwa wabuluu pabokosi, koma m'kati munali galimoto yasiliva.)

Ana aja atakula n'kukumana pa intaneti, mbali iliyonse inadzipezera chidule cha zilembo zoyambira mawu a Chingerezi, chonga mbendera: FIRRIB kwa onena kuti Frenzy ndi wofiira ndipo Rumble ndi wabuluu, FIBRIR kwa otsutsa. Makampani nawo akhala akupondaponda uku ndi uku. Takara, potulutsa zidole zodula za Masterpiece, inasunga Rumble wofiira ndi Frenzy wabuluu monga zinalili mu 1984. Hasbro, itafika pa zidole za Studio Series zokumbukira filimu ya 1986, inapereka chigamulo kwa a katuni, ngakhale kuti sinadalire dzina lokha: papaketi ya Rumble inalembapo kuti ndi wabuluu, ndipo pa ya Frenzy inalembapo kuti ndi wofiira.