Salsa ndi hot sauce: kusiyana kumeneku kudachokera kuti?

Ku Mexico mukafunsa kusiyana kwa salsa ndi hot sauce angokuyang'anani modabwa. M'Chisipanishi salsa ndi msuzi uliwonse wothira pa chakudya, ndipo mawuwa adachokera ku Chilatini, kutanthauza chinthu chothiridwa mchere. Ngakhale botolo la Valentina, lija Amereka amati hot sauce, lidalembedwa kuti salsa picante, msuzi wowawa basi.

Asipanishi atafika ku Mexico adapeza salsa ikudyedwa kale. Wansembe Bernardino de Sahagún, yemwe adafika ku Mexico mu 1529, adalemba za misika ya Aaziteki, eni dziko a kumeneko, kumene ankagulitsa misuzi ya tsabola, tomato ndi nthanga za maungu. Mpaka lero amayi akumeneko amawotcha tomato ndi tsabola mpaka khungu lichite mawanga akuda, n'kuzisinja mu molcajete, kamtondo ka mwala wa chiphalaphala. Amathiramo anyezi, mchere, mwina ndi mandimu. Imatuluka yokhathamira, ya zibenthuzibenthu, yotapa ndi supuni kapena ndi tortilla (kamkate kopyapyala ka chimanga), ndipo siyichedwa kusasa.

Hot sauce, yamadzimadzi ya m'botolo, ili ndi mbiri ina. Mu 1868, Edmund McIlhenny wa ku Avery Island, ku Louisiana m'dziko la America, adayamba kupanga Tabasco ndi zinthu zitatu zokha: tsabola, mchere ndi viniga. Masiku ano tsabola wosinjayo amakhala m'migolo ya thabwa mpaka zaka zitatu asanamusakanize ndi viniga n'kumusefa. Vinigayo ndiye chinsinsi: amachititsa kuti botolo liyende mitunda ndi kukhala miyezi pa tebulo osawonongeka. Yotereyi satapa, amangodonthetsa.

Malire a pakati pa ziwirizi adawadula ndi ogulitsa a ku America. David Pace atayamba kuika msuzi wa tomato ndi tsabola m'mabotolo ku San Antonio mu 1947, ndi ena n'kutsatira, m'masitolo mudakhala mitundu iwiri yofuna mayina awiri. Yokhathamira ija idatenga dzina la Chisipanishi, yamadzimadzi n'kutsala ndi la Chingerezi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndalama zogulira salsa ku America zidaposa za ketchup.

Kwathu kuno Nali wa ku Thyolo, wa "Abale samalani" uja, ali mbali ya Tabasco. Koma saladi ya tomato, anyezi ndi kambuzi ya pa chiwaya cha tchipisi, munthu wa ku Mexico ataiona sangachedwe kuitcha pico de gallo, yomwenso ndi salsa.