Kabokosi ka mahinjesi a mtengo

Anthu ambiri akabwera ku shedi yanga kudzaitanitsa kabokosi kosungiramo mphete, ndolo, makalata akale kapena wotchi ya malemu bambo awo, amayamba ndi kufunsa za mtundu ndi kunyezimira kwa thabwa, pamene ine maganizo anga amakhala ali kumbuyo kwa kabokosiko, pamene chivundikiro chimalumikizana ndi thupi. Mahinjesi ang'onoang'ono a m'sitolo za hadiweya nthawi zambiri amakhala achitsulo chopyapyala chopakidwa mtundu wa golide, ndipo dzinja likadutsa kawiri amachita dzimbiri, timisomali take n'kuyamba kugwedera. Ichi n'chifukwa chake pa kabokosi koti munthu adzasiyire zidzukulu ndimasema ndekha mahinjesi a mtengo, ndipo kulimba kwake kumadalira zinthu ziwiri zimene wogula saziona: kumene mitsempha ya mtengowo yaloza, ndi kuuma kwa thabwalo.

Aliyense amene anawazapo nkhuni amadziwa kuti chikuni chimang'ambika mosavuta nkhwangwa ikatsatira utali wake, koma chimakana mukachidula chopingasa. Hinjesi ya mtengo ndi tizidutswa tiwiri tokhala ndi mano olowana ngati zala za manja awiri, ndipo pakati pa manowo pamadutsa kawaya kamene hinjesiyo imazungulirapo. Mitsempha iyenera kuyenda kuchokera ku chivundikiro kutsikira ku thupi la bokosi, ndiye kuti mopingasana ndi kawayako. Ikayenda motsatira kawaya, dzino lililonse limakhala ngati chikuni chimene chaikidwa kale pa chitsa kudikira nkhwangwa, ndipo tsiku limene mwana adzakankhe chivundikiro mopitirira, manowo adzathothoka onse pamodzi.

Pa thupi la kabokosi ndimakonda mlombwa, chifukwa sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikamasintha, komanso umalandira bwino pulena. Koma gwiritsani ntchito mtima wake wofiirira wokha, pakuti mbali yoyera ya kunja imafumbwa. Mbawa nayonso imagwira ntchito. Paini wa ku Chikangawa ndi wabwino pophunzirira, koma ndi wofewa kwambiri moti bowo la kawaya limakula msanga. Pa hinjesi penipeni palibe choposa phingo, mtengo wakuda wolemera moti umamira m'madzi, ngakhale kuti umabunthitsa tchizulo ndipo uli ndi mafuta amene amakaniza guluu ngati simunaupukute ndi sipiriti musanamate. Ena amandipempha mkungudza, poti mabokosi onunkhira a ku Mulanje anatchuka kwa zaka zambiri pakati pa alendo okwera phiri. Mtengo umenewu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, watsala pang'ono kutheratu pa phiripo, choncho ine ndimaukhudza pokhapokha utachokera ku chitseko kapena felemu ya nyumba yakale imene ikugwetsedwa. Ngakhale zili choncho, sindisemerapo hinjesi, chifukwa ndi wofewa ndipo suchedwa kung'aluka.

Za kuuma ndinaziphunzira mwa manyazi. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi ndinapanga kabokosi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mano a hinjesi ndinawalowetsa mothina kwambiri moti ndinkanyadira kuti ngakhale tsitsi silingapite pakati. Pofika mu Januwale mtengo unamwa chinyezi n'kufufuma, chivundikiro chinakana kutseguka, mwini wake anachikanula ndi mphamvu, ndipo anandibwezera mano awiri atakulunga m'kapepala. Mtengo umafufuma ndi kunyala m'lifupi mwake, pamene m'litali umasintha pang'ono kwambiri, ndipo mano a hinjesi amakhudzana m'lifupi momwemo. Kuyambira pamenepo, ndikamagwira ntchito m'chilimwe ndimasiya mpata wokwana pepala limodzi la m'kope pakati pa dzino ndi dzino. Amisiri akale amati thabwa lochindikala mamilimita 25 lipatsidwe chaka chathunthu pa mthunzi, matabwa atasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Kwathu kuno kotentha limatha kuuma msanga, koma thabwa logulidwa pamsika dzulo musalikhulupirire.

Bokosi lenilenilo silivuta kwenikweni. La masentimita 20 m'litali, 13 m'lifupi ndi 9 msinkhu, la matabwa ochindikala mamilimita 10, limakwanira zinthu zambiri. Ndimalimata lonse lili lotseka, kenako n'kudula chivundikiro ndi sowo ya mano aang'ono, kuti mbali ziwirizo zigwirizane ndendende ndipo mizere ya mtengo ipitirire osaduka. Thabwa la pansi ndi la pamwamba limalowa m'ngalande popanda guluu kuti lizitha kuyenda.

Hinjesi ndiyo imadya tsiku. Pa hinjesi iliyonse ndimatenga timatabwa tiwiri tochindikala mamilimita 8 ndi totambalala mamilimita 25, ndipo ndimaboola bowo la kawaya ndisanadule mano, mtengo udakali ndi mphamvu zake zonse. Kachitsulo koboolera ka mamilimita 2 kamapindika mosavuta mu mtengo wolimba, choncho ndimaboola theka kuchokera mbali imodzi, theka kuchokera mbali inayo, ndikukatulutsa pafupipafupi kuti utuchi uchoke. Bowo likapendekeka ngakhale pang'ono, kachidutswako ndimakataya, chifukwa palibe sandipepala imene ingawongole bowo lokhota. Kenako ndimabulungitsa nsonga mozungulira bowolo ndi kulemba mano asanu a mamilimita 5, atatu pa kathabwa kamodzi ndi awiri pa kanzake, n'kuwadula ndi sowo ndi kuyeretsa ndi tchizulo chakuthwa. Kawaya kabwino ndi ka mkuwa kamene owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito. Sipoko ya njinga imakwananso pa bowo limeneli, bola ikhale yosachita dzimbiri. Kamtengo kozungulira kosemedwa ku nsungwi yokhwima kamagwira ntchito kwa amene safuna chitsulo chilichonse, koma kamafuna bowo lokulirapo ndi mano onenepa.

Pomata, ndimakumba kamalo kakuya mamilimita 2 kapena 3 kumbuyo kwa bokosi kuti hinjesi ikhazikike m'kati osadalira guluu yekha. Ndimayamba ndapaka phula la njuchi kapena kandulo m'mano, kuti guluu wothawa asawagwire, ndipo ndimaika pepala pakati pa chivundikiro ndi thupi mbali ya kumbuyo kuti kutsogolo kuzitseka bwino. Mahinjesi awiriwo ayenera kukhala pa mzere umodzi, ndipo njira yosavuta yotsimikizira ndiyo kulowetsa waya mmodzi wautali wowongoka m'mahinjesi onse awiri pomata, n'kudzaudula guluu atauma. Phewa la kumbuyo kwa mano ndimalisema pang'onopang'ono mpaka chivundikiro chiziima chokha chitangopitirira pang'ono kuima chilili, kuti pasafunike tcheni.

Vanishi asafike m'mano, chifukwa amamata ngati guluu. Kunja ndimapaka mafuta a matabwa mopyapyala ndi kupukuta ndi phula, koma m'kati ndimasiya mtengo wosalala wopanda kanthu, popeza mafuta m'bokosi lotsekedwa sauma bwino, amasiya fungo ndipo amadetsa zithunzi ndi mapepala. Mwini wake ndimangomuuza kuti asamaike kabokosiko pa windo lowomba dzuwa, ndipo hinjesi ikayamba kulira, apake kandulo pa manowo, osati mafuta a njinga.