Ndinagonekedwapo chifukwa cha mowa, kodi andipatsa morphine?

Funso ili odwala amandifunsa monong'ona. Munthu wathyoka mwendo kapena akudikira opaleshoni, koma mtima uli pa zimene zinalembedwa m'buku lake la kuchipatala: kuti anathandizidwapo ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God chifukwa cha mowa, chamba kapena mapilisi. Ena amafika pogula buku latsopano kuti mbiriyo isaoneke.

Mankhwala mudzalandira ndithu. Morphine ndi pethidine, mankhwala amphamvu opha ululu, amakhala mu kabati yokhoma, ndipo mlingo uliwonse wotuluka umalembedwa m'kaundula potsatira lamulo la Dangerous Drugs Act. Zimenezi ndi za wodwala aliyense, ngakhale amene sanalawepo mowa. Chimene mbiri yanu imasintha ndi kaperekedwe kake.

Apa mpamene kubisa kumandiopsa. Munthu amene ankamwa mapilisi opha ululu a codeine kapena tramadol tsiku ndi tsiku thupi lake limazolowera, moti mlingo waukulu sumugwedeza. Akasiya kwa miyezi ingapo, kuzolowera kuja kumatha. Mapilisi omwe kale ankawameza ngati mtedza tsopano akhoza kumuimitsa kupuma. Amene akumwabe mapilisiwo mobisa vuto lake ndi lina: mlingo wa masiku onse sungamuphere ululu, amafunika wokwererapo. Anthu awiriwa akalowa m'chipinda changa amaoneka chimodzimodzi. Ndingawasiyanitse bwanji ngati sanena?

Mowa nawo uli ndi zake. Ukakumana ndi diazepam (mankhwala ogonetsa) kapena morphine, kupuma kumafooka kwambiri. Komanso womwa kwambiri akagonekedwa n'kusiya mwadzidzidzi, pakatha tsiku limodzi mpaka atatu akhoza kuyamba kunjenjemera, kubwebweta, ngakhale kukomoka. Tikadziwiratu, diazepam yemweyo ndi amene timamupatsa moyang'anira kuti izi zisachitike. Ndipo ngati mukumwa naltrexone, mankhwala othandiza kusiya mowa kapena mapilisi, nenani msanga, chifukwa amatsekereza morphine kugwira ntchito.

Mukanena zoona, yembekezerani kuti dokotala ayambira pa panado ndi bulufeni ngati ululu ukulola. Akafunika amphamvu, adzakupatsani a masiku ochepa, n'kukuuzani tsiku lobweranso. Mwina adzapempha kuti gadiyani wanu, kaya ndi mayi akunyumba kaya achimwene, ndiye azisunga botolo. Mafunso adzachuluka. Ena amawamva ngati chipongwe, ndipo ndimawamvetsa, poti anthu ambiri amene anasiya mowa anatopa kale ndi kukayikiridwa.

Kwa anzanga a ntchito ndili ndi dandaulo. Timafulumira kunena kuti "uyu akungofuna mankhwala" tikangoona mbiri ija. Munthu amene wakhala zaka zitatu osamwa, tikamubweza kunyumba ululu uli tsoo, usiku sagona, ndipo kachasu ali pafupi kuposa chipatala. Wodwala khansa amene kale ankasuta chamba ayenera kulandira morphine wake wamadzi monga wina aliyense, pa nthawi yake, mlingo wokwanira.