Msewu ukaoneka ngati watha musathamangire kusuntha migolo ija

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya misewu funso limakhala lomwelomwe, inu bwanji mumatseka msewu masabata ambirimbiri pomwe palibe amene akugwirapo ntchito? Munthu amaona dothi lasalala bwinobwino, makina ayima pambali, anyamata akhala pansi pa mtengo, koma iye akumwa fumbi pa desviyo, njira yongoyembekezera yolambalala ija, m'mawa ndi madzulo. Ndiye usiku wina wake amapezeka wolimba mtima nkusuntha migolo yotsekera msewu ija, kukacha ma chapa (maminibasi) ndi amota (anjinga zamoto) ayamba kale kudutsa.

Phula lakuda lija ndi khungu chabe abale, m'misewu yambiri ya m'tauni silipitirira masentimita 5. Chomwe chimanyamula galimoto chili pansi pake. Timayamba ndi nthaka yeniyeni ya pamalopo, kenako dothi labwino lochoka kwina, pamwamba pake miyala yophwanya kapena dothi losakaniza ndi simenti, gawo lililonse ngati masentimita 15, ndipo lililonse liyenera kupsinjidwa ndi silindiro, makina olemera opondera dothi, mpaka litagwirana. Tsono dothi kuti ligwirane limafuna chinyezi choyenera, likauma silimva, likanyowa kwambiri limangoterera pansi pa makina. Kuno ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, thanki imathira madzi kutsogoloku koma silindiro isanafike auma kale, ndiye mumangoona thanki ikupita ikubwera nkumati akusewera. Kumtunda ku Angónia vuto ndi lina, ku Ulongué mvula ikagwira mu Januwale dothi limatenga masiku kuti liumeko, ndipo woika phula pa dothi lonyowa akungokwirira ndalama za boma.

Pomwe tasakaniza simenti pamafunika masiku 7 tikuthira madzi popanda galimoto kupondapo. Konkire ya ngalande ndi timilatho imafika mphamvu yomwe tinawerengera pa masiku 28. Nthawi imeneyi ndi yomwe msewu umaoneka ngati watha kapena wasiyidwa, komanso ndi nthawi yomwe uli wofooka kuposa nthawi ina iliyonse. Galimoto ikapondapo simuona chilichonse tsiku lomwelo ayi, timing'alu timayambira mkati, phula nkubwera kudzaphimba, mvula ziwiri zikadutsa maenje aja ayamba ndipo tonse timati kontalakita anadya ndalama. Nthawi zina anadyadi, sindikukana, koma nthawi zina ndi migolo ija.

Ndipo si galimoto zonse zimawononga mofanana. Pa mayeso aakulu omwe anachitika ku Illinois ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anapeza kuti katundu wa pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Njinga ndi mota msewu suzimva nkomwe, thiraki imodzi yodzaza mopitirira muyeso ndi yomwe imaumaliza. Chigawo chathuchi ndi njira ya mathiraki opita ku Malawi kudzera pa Zóbuè, ku Zimbabwe pa Cuchamano, ku Zambia pa Cassacatiza, osanena za ntchito za malasha ku Moatize. Mlatho wa Kassuende pa mtsinje wa Zambezi utatsegulidwa mu 2014 zolemera zinachoka pa mlatho wa Samora Machel ndipo mkati mwa mzinda munapumako. Koma pakakhala obra, ntchito yomanga, pa msewu waukulu desviyo imalowetsa katundu yemweyo m'tinjira ta m'mabayiro tomwe sitinapangidwire zimenezo, mapaipi a madzi ali pafupi ndi pamwamba amaphulika, fumbi limalowa mpaka mu ndiwo, msewu umodzi ukukonzedwa itatu ikufa. Desviyo nayo ndi msewu, imayenera kusalazidwa, kuthiridwa madzi tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama yake kawirikawiri imakhala ili mu kontalakiti momwemo.

Amene amandimvetsa chisoni ine ndi oyenda pansi, omwenso ndi ambiri kuposa okwera. Pulani ya desviyo nthawi zambiri imajambulidwa poganizira galimoto basi, mwana wa sukulu adutsa pati, mayi wasenza dengu la tomato, agogo a ndodo, munthu wa pa wilitcheya, zimenezo zimakumbukiridwa wina akagwera m'dzenje. Ngalande imakumbidwa kutsogolo kwa nyumba ndi mabanka ogulitsirapo malonda, nkuikapo thabwa limodzi lopapatiza, magetsi akazima usiku ndiye zoopsa, mvula ikagwa dzenjelo limadzaza osaoneka kuti lakuya bwanji. Pomwe panali poyenda anthu aunjikapo mchenga ndi miyala, ndiye anthu amalowa pakati pa galimoto, amota nawonso pothawa mzere amakwera pomwe pali anthu pomwepo. Izi si zoti "pirirani ndi chitukuko", njira ya oyenda pansi yotchingidwa, matabwa olimba owolokera ndi zizindikiro zowala usiku ndi mbali ya ntchitoyo ngati simenti.

Chinanso chomwe ambiri sayembekezera, ngozi zoopsa zimakonda kubwera msewu ukatsegulidwa kumene. Maenje aja ankagwira ntchito ya wapolisi, aliyense ankayenda pang'onopang'ono. Phula likasalala woyendetsa amaponda, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woti galimoto iime mabuleki atagwidwa umawirikiza kanayi, pomwe ana anazolowera kusewera pamenepo miyezi yonse ya obra. Nchifukwa chake ine ndimalimbikira kuti malomba (mahampu ochepetsa liwiro), mizere yowolokera ndi zikwangwani pafupi ndi sukulu ndi msika ziikidwe msewu usanatsegulidwe, osati kudikira mwambo wodula riboni. Pomwe palibe poyenda anthu yendani kudzanja lamanja, galimoto kwathu kuno zimayenda kumanzere ndiye muziziona zikubwera kutsogolo kwanu.

Mukafuna kudandaula musalimbane ndi mnyamata wa mbendera yofiira uja, iye sasankha chilichonse. Yambani mwadziwa kuti msewuwo ndi wa ndani, misewu ikuluikulu ngati N7 ili m'manja mwa ANE, bungwe la boma loyang'anira misewu, ya mkati mwa tauni ndi ya munisipiyo. Pa obra iliyonse yolongosoka pamakhala fisikali, injiniya woimira mwini ntchito, ndi iye amavomereza zomwe zagwiridwa kontalakita asanalipidwe, ndiye mawu ake amamveka msanga. Pitani limodzi ndi sekeletale wa bayiro, zilembeni pa pepala, nenani malo enieni pomwe pakufunika thabwa kapena madzi othira fumbi, ndipo funsaninso ngati a madzi ndi a magetsi amaliza kuika mapaipi ndi mawaya awo phula lisanathiridwe, chifukwa akachedwa abwera kudzadula msewu watsopano womwewo ndipo desviyo iyambiranso.