Musanayale chilichonse pansi pa khola la nkhuku

Funso limabwera lomwelomwe: "Ndiyale chiyani pansi pa khola kuti pasamavute kusesa?" Ofunsawo nthawi zambiri amakhala atayala kale pepala la pulasitiki, masaka akale kapena makatoni, ndipo akungofuna wowavomereza. Sindingavomereze. Zitosi za nkhuku zikamagwa, pafupifupi magawo atatu mwa anayi amakhala madzi. Madzi amenewo ayenera kumwedwa ndi zoyala kenako n'kuuma ndi mphepo. Pulasitiki samwa kanthu, makatoni amafewa n'kuchita chuku, masaka amathothoka ulusi umene nkhuku zimameza n'kutsekeka chithokomiro.

Pansi pa khola pamakhala zinthu ziwiri, maziko ndi zoyala. Maziko abwino ndi simenti yokhuthala masentimita 8 mpaka 10, yokwera masentimita 20 kapena 30 kuposa nthaka ya kunja, yopendekera pang'ono cha kukhomo: sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse. Malo a pulasitiki uja ndi pansi pa simentiyo, kuti chinyontho cha m'nthaka chisakwere. Ngati mwasiya dothi, litsindireni kwambiri, mulikweze chimodzimodzi, ndipo mukwirire waya wa mabowo a sentimita 1.3 kuzungulira khola lonse, kuya masentimita 30. Waya wa mabowo akuluakulu aja umangotsekera nkhuku, khoswe amadutsa osaima. Khola la thabwa lingayalidwe vinilu (chipepala cholimba choyala pansi m'nyumba), koma likhale pepala limodzi lopanda msoko, lopindikira kukhoma masentimita 10, chifukwa m'misoko ndi momwe madzi amalowera ndipo ndi mobisala utitiri.

Simenti kapena vinilu pazokha si pogona nkhuku. Pamwamba pake thirani zoyala zouma masentimita 8 mpaka 10, ndipo kwa nkhuku zazikulu zokhala nthawi yaitali mufike 15. Zopala za matabwa, zikuluzikulu zija, ndiye zimamwa bwino. Mankhusu a mpunga amachitanso bwino ndipo sagwirana msanga. Udzu ukhale wodulidwa tizidutswa, chifukwa wautali umapotana n'kusunga madzi pansi pomwe pamwamba pakuoneka pouma. Utuchi wosalala ngati ufa musawupatse anapiye: amaudya, ndiponso fumbi lake limawalowa m'mapapo. Zopala za matabwa othiridwa mankhwala a chiswe, musayandikire n'komwe. Nyuzipepala imaterera, mwanapiye wa masiku ochepa amatang'adza miyendo osadzaimanso bwino. Ndipo chilichonse chonunkha chuku chitayeni, kaya mwachipeza chaulere, chifukwa chuku cha Aspergillus chimapha anapiye ndi befu ndipo mankhwala ake othandiza m'khola palibe.

Kuyesa n'kosavuta. Tapani zoyalazo dzanja limodzi, mufinye, mutambasule. Zikagwirana pang'ono n'kumwazika, zili bwino. Zikatsala chibumbwa, zanyowa mopitirira. Kenako gwadani, mphuno ifike pamene pamafika mutu wa nkhuku. Maso akayamba kuyabwa ndiye kuti mpweya wa amoniya, wochokera m'zitosi zonyowa, wachuluka kale, ndipo nkhuku zikuupuma usana ndi usiku. Mlingo wa 25 ppm, kutanthauza magawo 25 a amoniya pa magawo miliyoni imodzi a mpweya, ndi wokwanira kuwononga njira ya mpweya ndi maso a nkhuku. Mphuno ya munthu wolowa m'khola tsiku lililonse imazolowera, choncho musaidalire mutaimirira.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya anapiye a milungu inayi, oleredwa pa pulasitiki wothiridwa kautuchi kochepa, chomwera chili pansi penipeni chikudontha. Kuzungulira chomweracho panali chikhakha chakuda, chonata, chofunda ukachigwira. Anapiye anayamba kuunjikana pakona nthenga zili nyankhalala, mapiko ali lende. Mwini wake anati akumva kuzizira. Magazi ataoneka m'zitosi anadikirabe, kenako anakagula ufa wopanda dzina kwa munthu amene anamulonjeza kuti umachiza "matenda onse a nkhuku". Pansi paja sanakhudzepo. Matendawo anali coccidiosis, amene amakonda anapiye a milungu 3 mpaka 6. Timazira ta tizilombo take timatuluka m'zitosi tisanakhwime, ndipo timafuna chinyontho, kutentha ndi tsiku limodzi kapena awiri kuti tithe kudwalitsa. Mwanapiye aliyense wojompha pa chikhakha chija ankadzimwetsa matenda atsopano m'mawa uliwonse. Pamene magazi akuoneka, matumbo amakhala atang'ambika kale. Otsala aja anapinimbira, sanakulenso mofanana ndi anzawo.

Mukaona magazi m'zitosi, itanani dokotala kapena mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Mankhwala ake alipo, monga amprolium kapena toltrazuril, ndipo ali ndi muyeso wake wolembedwa. Makapusolo a anthu osungunulira m'madzi sathetsa vutoli. Tsiku lomwelonso fosholoni zonyowa zonse, thirani zouma, ndipo chomwera chikwezeni mlomo wake ulingane ndi msana wa nkhuku.

Anthu omwewo ogulitsa ufa amalangizanso kupaka oyilo wakutha wa galimoto pa thabwa kuti lisaole. Oyiloyo ali ndi poizoni, ndipo nkhuku imajompha chilichonse chimene yapondapo. Ena amati thirani laimu womangira. Ameneyo akanyowa amawotcha kunsi kwa mapazi, zilonda zake n'kutupa n'kuchita mafinya. Phulusa lonyowa limawotcha chimodzimodzi. Laimu wa kumunda, wa miyala yopera, ndiye sapweteka, koma athiridwe pang'ono pa maziko, zoyala zibwere pamwamba.

Zoyala zitembenuzeni kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo pansi pa mitengo yogonapo muzichotsa pafupipafupi chifukwa zitosi zambiri zimagwera pamenepo usiku. Nkhuku zazikulu zisapitirire 4 kapena 5 pa sikweya mita. Zikathithikana, ngakhale zoyala zabwino zimanyowa m'masiku ochepa. Gulu likachoka, tulutsani zonse mutatseka pamphuno ndi pakamwa, tsukani maziko, ndipo khola likhale lopanda nkhuku milungu iwiri kuti liume bwino musanathire zatsopano.